Tepi Imene Ndinabweza

1994, Dowa

Linali Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa, mwezi wa Ogasiti, pamene Che Amidu anaima patsogolo pa beseni langa la mandasi n'kundifunsa ngati ndimatha kukana munthu. Che Amidu anali mwini golosale yaikulu pamsika wathu, mtunda pang'ono kuchokera ku Dowa Boma, bambo wachisilamu wosachulutsa mawu. Ndinawayankha kuti kukana ndimatha, chifukwa wogulitsa mandasi wosatha kukana amabwerera kunyumba ndi beseni lokha. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti mawa lake ndikaime pakhomo pa nyumba yawo ya vidiyo, poti amene anawayesa poyamba ankangolowetsa abale awo. Umu ndi mmene ndinayambira ntchito imene ndinagwira mpaka maso atayamba kundivuta. Ndikulembera inu ana anga, Yohane, Esinta ndi Tadala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye pamene ndalakwitsa mukonze nokha.

Chaka chimenecho tinali titangovota pa zipani zambiri, ndipo anthu anali ndi njala yoona zinthu. Paliponse pamene panali jenereta panamera vidiyo. Yathu inali m'nyumba yakale yosungiramo fodya, fungo lake losatha ngakhale usese bwanji. Mawindo tinatseka ndi masaka, mabenchi anali matabwa oika pa njerwa, ndipo kutsogolo kunali tebulo lonyamula tivi ndi deki, makina olowetsamo tepi. Ntchito yanga inali kusesa, kuima pakhomo, kubweza matepi m'mbuyo, ndi kupachika bokosi la tepi ya tsikulo pabolodi panja kuti odutsa aone chithunzi. Che Amidu anali ndi malamulo awo. Lachisanu masana tinkatseka. Ana a sukulu sankalowa nthawi ya sukulu, ngakhale alire. Tepi yatsopano ankayamba aionera okha m'mawa, chala chili pabatani, ndipo ikakhala ndi zolaula inkabwerera ku Lilongwe tsiku lomwelo. Sanandikalipirepo pamaso pa anthu, koma akakhumudwa ankangonditchula mfunda wanga, "Nankhoma", kamodzi, ndipo ndinkadziwa.

Munthu woima pakhomo saona kanema, amaona anthu. Ndinaphunzira kudziwa filimu yabwino ndisanaiyang'ane n'komwe. Ikakhala yabwino palibe wopempha kutuluka kukataya madzi, munthu amalolera kupirira mpaka ithe. Ikakhala yoipa mabenchi amayamba kulira, amayi amakumbukira ndiwo zimene anasiya pamoto, abambo amayamba kukangana za zipani. Ndipo nthawi zambiri imene inkatikhumudwitsa inali ya bokosi lokongola. Ndikukumbukira ina imene Che Amidu anabwera nayo monyadira. Pabokosi panali ndege ya helikoputa, moto kumbuyo, ndi munthu wa mfuti yaitali ngati mpini wa khasu. Nyumba inadzaza mpaka ena anakhala pansi. Filimu itayamba tinangoona azungu atakhala patebulo, akuyankhula. Anadzuka, n'kukakhala patebulo lina, n'kuyankhulanso. Anthu anayamba kundicheukira ine ngati ndine ndinaijambula, ndipo wina anandifunsa kuti ndege ija yagona kuti. Mkulu wina wosoka nsapato anati filimu imeneyi ndi mkamwini wobwera ndi suti yobwereka, ukamupatsa khasu ndi pamene umamudziwa.

Tsiku limenelo bambo anu anali atabwera kudzanditenga. AMbewe anali mmisiri womanga nyumba, koma ntchito inali itasowa. Chingerezi ankachidziwa chapatalipatali, chimene anatola pomanga pa esiteti ina. Ataona kuti anthu ayamba kudzuka, anapita kutsogolo, n'kuima pambali pa tivi, n'kuyamba kunena zimene azungu aja ankakambirana. Anati wa dazi uja ndi malume, wabwera kudzafunsa chifukwa chake mbuzi ya chindapusa sinafike, ndipo wa magalasiyo akuti mbuziyo inadyedwa pa chinkhoswe. Mzungu wa dazi atamenya tebulo, bambo anu anati, "Mwamva? Akuti ngakhale chikopa chokha mukanabweretsa." Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Amene anali atafika pakhomo anabwerera pamabenchi. Ndege ija inabweradi kumapeto, inangodutsa patali ngati ntchentche, koma palibe amene anadandaula. Che Amidu anali ataima kumbuyo, ndipo mawa lake bambo anu analembedwa ntchito yofotokozera.

1995, Ntchisi

Kumayambiriro kwa chaka Che Amidu anatsegula vidiyo yachiwiri pafupi ndi msika wa ku Ntchisi Boma, n'kutituma ife awiri kukaiyendetsa. Tinasamuka pa lole ya fetereza, Tadala ali kumsana. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kusowa. Mvula ikagwa msewu unkasanduka phala, matepi atsopano osafika, petulo wa jenereta n'kumabwera m'zigubu panjinga. Deki inayamba kudya matepi chifukwa cha chinyezi. Ndinaphunzira kutsegula tepi ndi mpeni, kudula pamene yatafunidwa, n'kulumikiza ndi selotepi. Ukalumikiza chonchi munthu amene anali pakhomo amangopezeka ali kale m'galimoto, koma bambo anu ankati wakwera mwaufiti, anthu n'kuseka.

Miyezi ya mvula ija tinkangozungulira matepi ochepa omwewo. Ine ndinkaopa kuti anthu atopa, koma ankabwerabe, chifukwa bambo anu sankafotokoza filimu imodzi mofanana kawiri. Amuna awiri amene Lolemba ankamenyana chifukwa cha malire a dimba, Lachinayi ankamenyana chifukwa wina anabwereka njinga n'kuibweza yopanda belu. Ankawapatsa mayina a kwathu kuno ndi mifunda yawo. A zipani ankawanyengerera kuti woipa wa m'filimu amutche dzina la mtsogoleri wa chipani chinacho, koma ankakana, ankati pabenchi pakhala anthu onse. Tsiku lina tikudya ndinawafunsa chifukwa chake filimu ya moto wambiri imalephera pamene ina yopanda kanthu imakoma. Anati anthu safuna moto, amafuna kudziwa kuti amene akupsayo ndi mwana wa yani. Ankatinso kanema ndi mlendo wosadziwa chinenero. Ukamusiya yekha pabwalo anthu amangomuyang'ana n'kumachoka, koma akapeza womuyankhulira amapezanso abale.

Sikuti ankatha kupulumutsa iliyonse. Panali ina ya kareti imene mwini filimu sanagwepo pansi ngakhale kamodzi, ankangogwetsa anzake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Bambo anu anayesa izi ndi izi, kenaka anangokhala pansi. Anati munthu wosagwa sungamumvere chisoni, ndipo amene sukumumvera chisoni sungamudikire. Za Chiindiya zokha ndi zimene sizinkafuna thandizo kwenikweni. Mayi akataya mwana pasiteshoni ya sitima, amayi a ku Ntchisi ankadziwa okha chochita, ankapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho bambo anu anayamba kutsokomola. Tinati ndi fumbi la fodya ndi utsi wa jenereta. Pofika Okutobala buluku linali likuwagwa, ndipo lamba anaboola mabowo ena. Mwezi umenewo kunabwera galimoto yoyera yochokera ku Lilongwe, ya anthu ojambula kanema wophunzitsa za matenda amene ankatimaliza masiku amenewo, amene tinkangowatchula kuti matenda a boma. Wotsogolera anali aZimba, bambo wachinyamata waulemu. Analowa m'vidiyo mwathu pothawa dzuwa, anamva bambo anu akufotokoza, ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Filimu itatha anawapempha kuti akakhale nawo m'kanema wawo, akasewere munthu wodwala.

Ine sindinakondwe. Kunyumba ndinawauza mosabisa kuti anthuwo sanawasankhe chifukwa cha pakamwa pokha, awasankhanso chifukwa chowonda. Anayang'ana Tadala, amene ankasewera ndi chivundikiro cha poto. Kenaka anati:

"Nankhoma, ine chithunzi ndilibe ngakhale chimodzi. Uyu akadzakula adzandionera pati?"

Aka kanali koyamba kuti anene okha zimene tonse tinkaziona.

Anajambulira m'mudzi wina kuseri kwa phiri. Ndinapitako tsiku limodzi. Anagoneka bambo anu pamphasa pakhonde, ndipo mayi amene ankasewera ngati mkazi wawo anabwera ndi phala. Papepala panalembedwa kuti akane phalalo mofooka. Iwo analawa, n'kukwinya nkhope, n'kunena kuti, "Phala ili ndi limene likundipha, matenda akungonamiziridwa." Wogwira kamera anagwedezeka ndi kuseka, mudzi wonse umene unkaonerera unaseka, aZimba akupukuta misozi. Kenaka anawapempha kuti abwereze monga mwa pepala, ndipo anabwereza. Tsiku lonse zinali choncho, kamodzi mwa iwo okha, kamodzi mwa pepala. Pobwerera anatopa kwambiri moti tinkapuma pamwala uliwonse, koma anali osangalala kuposa mmene ndinawaonera chaka chonsecho.

1996, Ntchisi

Bambo anu anamwalira mu Januwale ku chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga. Anamwino anachita zimene akanatha. Tinakawaika kwawo ku mapiri a Dowa, tinameta koyamba monga mwa mwambo, ndipo agogo anu, amayi awo a bambo anu, anabwera nane ku Ntchisi kudzandithandiza kulera inu. Patapita masabata ndinabwerera kuntchito. Matepi anali omwewo, tivi yomweyo. Ndinkakanikiza batani, azungu n'kumayankhula, ndipo pambali pa tivi panalibe munthu. Anthu ankalowa mwaulemu, kundipepesa, kukhala pang'ono, n'kutuluka mmodzimmodzi. Sindinkawaimba mlandu.

Mu Malichi, Lachiwiri lina mvula ikuwaza, galimoto yoyera ija inaima pakhomo. AZimba anatsika ndi tepi m'manja akumwetulira, n'kufunsa kuti katswiri wawo ali kuti. Nditawauza anavula chipewa, n'kukhala pabenchi. Pambuyo pake anati ankafuna kuti kanemayo aonetsedwe m'nyumba mwathu tsiku la msika, anthu alowe ulere. Anali pa ulendo wopita kwina, ndipo anati asiya tepiyo, adzaitenga Lachisanu pobwerera.

Sabata imeneyo Che Amidu anali ku Ntchisi kudzaona mmene zinthu zinkayendera. Mawa lake m'mawa tinatseka chitseko, tinaliza jenereta, n'kuionera awiriwiri monga mwa lamulo lawo. Poyamba panabwera bambo wa tayi atakhala kuseri kwa desiki, akuyankhula mawu a m'mabuku. Anayankhula mpaka ndinayamba kumva mvula padenga. Kenaka zojambula pabolodi, kenaka mayi wa yunifolomu akubwereza zimene wa tayi ananena. Ndiyeno khonde lija, mphasa ija, ndi bambo anu. Ndinagwira benchi. Anali iwo, malaya awo a mizere amene ndinasoka pakolala. Milomo yawo inkagwedezeka koma mawu awo sankamveka. Pamwamba pawo anaikapo mawu a munthu wina, wofotokoza kuti bambo uyu anali wosasamala, ankayendayenda m'malo omwera mowa, wabweretsa matenda m'nyumba, ndipo ana ake atsala pamavuto chifukwa cha iye. Za phala zija munalibe. Zonse zimene mudzi unaseka munalibe. Panali kamphindi kamodzi kokha, mayi uja akufika ndi mbale, pamene bambo anu anayang'ana cham'mbali, mlomo wawo n'kukwera mbali imodzi. Ndinkaidziwa nkhope imeneyo, inali ya pamene nthabwala yafika pakhosi. Pomwepo chithunzi chinadulidwa, wa tayi n'kubwereranso.

Ndinapempha Che Amidu kuti abweze pamenepo. Anabweza, anandisiyira batani, n'kutuluka kukaima pakhonde pamvula. Atabwerera anati, "Vidiyo ndi yanga, koma maliro ndi anu. Munene ndinu." Ndinawauza kuti m'nyumba muno sionetsedwa. Ku Lilongwe munthu wa pamphasayo anali wosewera chabe, koma ku Ntchisi anali aMbewe amene anali atangoikidwa kumene, ndipo mawu aja akanakhala chigamulo pa iwo, pa ine, ndi pa inu kusukulu. Che Amidu anangogwedeza mutu. Anandiuzanso kuti tepi itha kukopedwa, koma pamafunika madeki awiri. Yawo ya ku Dowa inali itapsa, ili kokonzetsa ku Lilongwe. Deki ina yokha pa Boma inali ya mwini vidiyo wina kuseri kwa msika, munthu wa pakamwa, amene tinkalimbirana naye anthu. Ndinadziwa kuti ndikapita nayo kumeneko adzadzikoperanso yake, n'kulemba pabolodi kuti bwerani mudzaone aMbewe ataukanso. Ndinakana.

Chimene chinatsala chinali kukuonetsani inu atatu, chitseko chotseka, mawu nditatsitsa. Ndinapita nayo tepi kunyumba, n'kuiika m'dengu la zovala, ndipo madzulo tikusenda nyemba ndinawauza agogo anu. Anasiya kusenda. Anandikumbutsa kuti sitinamete kachiwiri. Kwathu munthu akamwalira timameta koyamba maliro atangotha, koma mzimu wake umakhala udakali panjira mpaka tidzakolole, tidzafulule mowa, tidzamete kachiwiri. Apo m'pamene amakhazikika kwa makolo. Anati mwana wawo adakali panjira, ndipo ana akamuona akuyenda, akuphethira, adzamuitana.

"Akamva mawu a mwana adzacheuka, Nankhoma. Ndipo akacheuka sabwerera yekha."

Pamene ankanena izi Tadala anali atagona pamphasa pambali pathu, thupi likutentha ndi malungo. Ine ndinali munthu wa mpingo, ndipo ndinawauza kuti kutchalitchi satiphunzitsa zimenezo, kuti ichi ndi chithunzi chabe, ngati mthunzi pamadzi. Sanakangane nane. Anangoti iwonso akufuna kumuona mwana wawo, kuposa mmene ndingaganizire, koma adikira mpaka tikolole. Anati tikameta ndidzawaitane, adzakhala pabenchi lakutsogolo, adzaonera mpaka petulo athe. Kenaka anatenga nsalu yonyowa n'kuyamba kupukuta Tadala pamphumi.

Lachitatu ndi Lachinayi tepi inakhala m'dengu, inu mukugona pafupi nayo osadziwa. Yohane, unali ndi zaka zoti ukanakumbukira. Esinta, nawenso ukanakumbukira. Kangapo ndinaganiza zokutengani mwakachetechete pochokera kusukulu, agogo osadziwa. Koma ndikabwera kunyumba n'kukhudza thupi la Tadala, mtima unkabwerera. Ndinali nditaika munthu mmodzi chaka chimenecho. Sindinafune kuyesa ngati mawu a apongozi anga anali oona kapena ayi, chifukwa choyesera chake chinali mwana.

Lachisanu aZimba anabwera. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwapempha kuti andisiyire tepiyo mpaka tikolole. Anati akanakonda, koma matepi anali ochepa, iyi inkadikiridwa kuboma lina, ndipo siinali yawo yoti angapatse munthu. Analonjeza kuti akafika ku Lilongwe adzanditumizira ina. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona pamene ankalonjeza. Ndinawafunsa kuti za phala zija zinapita kuti. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti zimenezo ndi zimene zinali zabwino koposa m'kanema yense, koma akuluakulu anati matenda si nkhani yoseketsa. Anati kanemayo anadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense anachotsamo chimene chinkamuopsa n'kuikamo chimene chinkamuteteza. Bambo wa tayi uja poyamba munalibe. Ndinatenga tepi m'chitenje, n'kuipereka ndi manja awiri. Galimoto inatsetsereka m'matope mpaka inakhota pamsika.

Tadala anachira sabata yotsatira. Mu Ogasiti tinafulula mowa kwawo kwa bambo anu, tinameta kachiwiri. Tsiku lomwelo agogo anu, mutu uli mbee, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati tepi ija yafika. Ndinati sinafike. Anandifunsanso pa Khirisimasi.

1997, Dowa

Vidiyo ya ku Ntchisi sinadzukenso, ndipo Che Amidu anaitseka n'kundibweza ku Dowa, pakhomo langa lakale. Mu Meyi, inu muli kumudzi kothandiza agogo kukolola, ndinapita ku Boma kukagula selotepi ndi mafuta a nyale. Dzuwa likulowa ndinaona galimoto ya zokuzira mawu itaima pabwalo la mpira, atapachika chinsalu choyera pamitengo. Anthu anali atasonkhana ambiri, poti kanema waulere sankabwera kawirikawiri. Chithunzi chitawala ndinaona desiki, ndi bambo wa tayi uja.

Kuno ku Dowa bambo anu ankadziwika ndi aliyense. Ndinadzifunditsa chitenje kumutu, n'kuima kumbuyo pafupi ndi mtengo, kudikira manyazi amene ndinawathawa ku Ntchisi. Kumudzi kunali kutali, sindikanatha kukutengani n'kubwerera nthawi yake. Ndiye ndinangoima, ndipo mwachizolowezi maso anga anapita pa anthu. Wa tayi asanafike pakati, amayi anayamba kunyamula ana. Anyamata anapita kukazungulira galimoto, kuona mmene jenereta yake imalirira. Pofika pa zojambula za pabolodi bwalo linali litayera, kutatsala okalamba ochepa amene miyendo inali itawauma, ndi amuna awiri ochokera ku mowa. Khonde lija litaoneka, mmodzi wa awiriwo analoza chinsalu.

"Iwe, ameneyu akufanana ndi malemu aMbewe a kuvidiyo."

Mnzakeyo anayang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

"Waledzera. AMbewe angagone pamphasa nthawi yonseyi osanena kanthu?"

Anaseka, n'kumapita. Kamphindi ka mlomo kaja kanafika, kanadutsa, ndipo pabwalo lonse amene anakaona ndinali ine ndekha. Kanema atatha ndinapita kwa dalaivala kukafunsa za aZimba. Anati anasiya ntchito, anapita kunja kukaphunzira. Ndinapempha tepi, ngakhale kubwereka mpaka m'mawa, poti tsopano deki yachiwiri tinali nayo. Anati sangathe, akunyamuka nthawi yomweyo, mawa akuonetsa kwina. Sanali munthu woipa, ankangosunga ntchito yake monga ndinkasungira yanga.

Ndinayenda kubwerera kunyumba ndikudzifunsa. Zaka zonsezo pakhomo ndinkatha kunena filimu isanafike pakati kuti iyi anthu saimaliza. Iyi ndinaionera ndi maso anga kuyambira poyamba, ndinamva mvula padenga wa tayi akuyankhula, ndipo ndikanayenera kudziwa kuti palibe adzadikire mpaka pamphasa. Ngakhale mwini vidiyo wa kuseri kwa msika uja akanaionetsa, ikanamuthawitsira anthu tsiku limodzi n'kuiwalika, ine n'kutsala ndi yanga m'dengu kudikira Ogasiti. Koma m'filimu mukakhala munthu wako sutha kuiyeza. Ndinaiopa ngati ili ndi mphamvu, pamene inalibe ngakhale yogwira woledzera pabwalo. Agogo anu sindiwadandaula. Anapempha miyezi yochepa yokha, ndipo anamwalira chaka chotsatira akudikirabe benchi lakutsogolo lija.

Zaka zotsatira

Ndinakhalabe pakhomo la Che Amidu mpaka matepi anatha, kunabwera timbale ta kanema, kenaka mafilimu obwera atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni. Ena mwa iwo ankayesetsa, koma wofotokoza amene sakuona nkhope za anthu ake sadziwa pamene benchi layamba kulira. Che Amidu atamwalira ana awo anasandutsa nyumba ija mosungira soya, ndipo ine maso anali atayamba kale kuchita nkhungu. Yohane, ukukumbuka tsiku limene tinakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukafuna ofesi ya anthu a galimoto yoyera. Sindinakuuze chimene tinkafuna, ndinangoti pali katundu wa bambo ako. Tinapeza pakhomopo akugulitsa matayala, ndipo mlonda anati anthu amenewo anatseka kalekale. Katunduyo anali tepi imeneyi.

Tadala, unandifunsa uli ndi pakati pa mwana wako woyamba kuti bambo ako ankaoneka bwanji, ndipo ndinakuyankha mwachidule kuti anali aatali, oseketsa. Unaona ngati sindikufuna kukamba. Chinandivuta n'chakuti anagona pamphasa ija tsiku lonse akudwala kuti iwe udzawaone, ndipo tepiyo inafika m'nyumba mwathu, inagona pafupi ndi mutu wako.

Pano ndimakhala kumudzi kuno ku Dowa, ndimalima mbatata ya kachewere, ndipo tsiku la msika ndimakagulitsa pafupi ndi pokwerera minibasi. Akatsika munthu wachikulire wochokera ku Lilongwe, wooneka ngati anagwirapo ntchito m'maofesi zaka zimenezo, ndimamuyezera mbatata kenaka ndimamufunsa ngati anaonapo kanema wakale wa bambo wa malaya a mizere atagona pakhonde. Mpaka lero palibe amene wamudziwa, ndipo ndimafunsabe.